Za khungu langa lija, patatha miyezi iwiri

Paja ndinakufunsani chifukwa chimene nkhope yanga imayabwira n'kutupa ndikangodzola mafuta alionse. Ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera.

Amene munati ndisiye sopo wonunkhira munanena zoona. Koma vuto lenileni linali kirimu woyeretsa khungu amene ndinkagula pamsika. Adokotala atawerenga zolembedwa pachubu chake anapezamo clobetasol, mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid amene amapyapyalitsa khungu ukawadzola nthawi yaitali. Nditamusiya, masabata awiri oyamba ndinaona zakuda. Nkhope inkatentha ngati ndapaka tsabola, tiziphuphu tili mbwee, moti ndinatsala pang'ono kukamugulanso.

Pano ndimasamba madzi ofunda pang'ono, osakhula ndi nsalu. Khungu lisanaume ndimadzola glycerin wosakaniza ndi madzi, pamwamba pake n'kupaka Vaseline wochepa. Masana ndimadzola mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi zinc oxide. Amandituwitsa ngati ndachokera kuchigayo, koma sayabwa, ndiye ndangovomera.

Aqueous cream ndasiyanso, poti ina imakhala ndi sodium lauryl sulfate, amene amaumitsa khungu. Chodzola chatsopano ndimayamba ndachiyesa kuseri kwa khutu masiku atatu.