Kodi Henry II analamuladi kuti Becket aphedwe?

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikukonza phunziro la achinyamata kumpingo kwathu lokhudza Thomas Becket, Arkiepiskopi wa Canterbury, amene anatemedwa ndi malupanga m'tchalitchi chake pa 29 Disembala 1170. Pandivuta ndi pa Henry II, mfumu ya ku England. Asilikali anayi amene anapha Becket ananyamuka ku Normandy, dera la ku France, atangomva mfumu ikukalipa za iye. Nanga kukalipako tingakutche lamulo?

Ndafufuza pa intaneti, ndafunsanso bambo mfumu athu, koma mayankho akusiyana. Ku Avranches, tauni ya ku Normandy, mu 1172 Henry analumbira kuti sanalamule, komabe mu 1174 analola amonke amukwapule pamanda a Becket. Sindikufuna kunamiza ana. Amene munaphunzira mbiriyi mozama, ndithandizeni chonde: ndiwauze kuti mlandu wa mfumuyi unafika pati?