Chikwama chikundikokera kumbuyo pa njira ya Skyline ku phiri la Mulanje, ndikulakwitsa pati?

Gaidi wa ku Likhubula:
Anzanga ndithandizeni msanga. Loweruka ndili ndi alendo awiri, masiku atatu pa phiri: hut (nyumba yogonamo okwera phiri) ya Chambe, ya Chisepo, kenako nsonga ya Sapitwa. Chikwama changa ndi cha malita 65 koma ulendo wathawu chandizunza zedi. Pokwera Skyline chimangondikokera chagada, mapewa kuchita dzanzi, pofika pa hut khosi osatembenuka. Mapoto, mpunga ndi zitini ndimaika pansi penipeni, sleeping bag pamwamba kuti isanyowe ndikatula pa udzu. Ndikulakwitsa pati?

Mdala wa ku Fort Lister:
Mphwanga, katundu wachuluka basi. Tenga pota (wonyamula katundu) wina, usaumire ndalama ndi msana wako.

Chemwali wa pa Boma:
Achimwene mwatembenuza. Sleeping bag ndiye ipite pansi. Zolemera zikhale pakati, zogundana ndi msana, muzitsekere ndi zovala kuti zisagwedere. Pamwamba jekete ya mvula, tochi ndi mankhwala. Ngati mukuopa kunyowa yalani jumbo lalikulu mkati musanalonge kanthu. Komanso lamba wa m'chiuno mumamanga bwanji? Akhale pa mafupa a chiuno, muyambe kumanga iyeyo, zingwe za m'mapewa pambuyo.

Wa ku Thuchila:
Za jumbozo musazitaye. Ine chiperoni chinandipeza mwezi wa June tikuyandikira Chisepo, sleeping bag nditamangirira kunja. Inanyowa yonse. Ndinachezera pamoto usiku wonse, mano akugundana, m'mawa miyendo kukana kukwera. Chinanso parafini asayandikane ndi ufa. Botolo linandidonthera kamodzi, nsima yonse kununkha, tinagona ndi tiyi.

Mdala wa ku Fort Lister:
Longani mmene mungalongere, kulemera sikuchoka. Ndanyamula phiri limeneli inu musanayambe sukulu. Maondo anga ndi mboni. Pota wina basi.

Gaidi wa ku Likhubula:
Madala ndamva, koma alendowo anakana kuwonjezera ndalama. Chemwali, chomangira cha lamba chinathyoka, ndimangomanga mfundo.

Chemwali wa pa Boma:
Ndiye vuto ndi limenelo! Mfundo imamasuka mukamayenda, katundu yense n'kutsala m'mapewa. Pitani kwa telala kapena wosoka nsapato lero lomwe.

Wa ku Thuchila:
Ndipo musakwere nacho ku Sapitwa chikwama chachikulucho. Mamita 3,002 si masewera, pali malo okwawa pansi pa miyala ndi mwala wotsetsereka woterera kukanyowa. Chisiyeni pa Chisepo, mutenge kachikwama ka madzi, jekete ndi kamba. Osapachika mapoto kunja, amakola m'mitengo.

Mdala wa ku Fort Lister:
Mlendo wokana kulipira pota anyamule yekha zitini zakezo. Inu ana mukuwazoloweza zoipa.

Wa ku Thuchila:
Alipo watsika kuchokera ku Chisepo sabata ino? Nkhuni zilipo pa hut kapena tinyamule gasi?