Za funso langa lija la pemphero louma

Abale ndi alongo, paja ndinafunsa ngati n'tchimo kulephera kuyamika Mulungu amuna anga atamwalira, pemphero likungouma pakamwa. Zikomo nonse amene munayankha. Amene munati chikhulupiriro changa n'chochepa, pepani, simunandithandize.

Chinandigwira mtima ndi Salimo 88, limene mayi wina wa Mvano anandiwerengera. Hemani, mlembi wa salimoli, akulira mpaka ndime yomaliza, chitonthozo palibe, koma akulankhulabe ndi Mulungu, ndipo salimolo lili m'Baibulo momwemo. Nanenso ndikupemphera choncho tsopano, modandaula.

Kuyamika kukubwera pang'onopang'ono, pa zinthu zooneka ndi maso: ufa umene amayi a Mvano anabweretsa, fizi ya mwana imene achimwene analipira. Tulo sitikubwerabe. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, kungoti kuimba kunandikanika.