Achinyamata a ku Bakassi akuchoka kwawo kukafuna chiyani?

Mlongoti: Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu pa nkhani ya Bakassi, dera la asodzi lomwe Nigeria ndi Cameroon ankalimbirana. Mu 2002 khoti la dziko lonse la ku The Hague linagamula kuti derali ndi la Cameroon, potsatira pangano lomwe atsamunda a Britain ndi Germany anachita mu 1913, ngakhale kuti anthu ambiri okhala kumeneko, makamaka Aefik, amadziona ngati nzika za Nigeria. Kodi achinyamata amene akuchokako kupita ku Calabar, mzinda wa ku Nigeria, akuthawa umphawi chabe, kapena akufunafuna dziko loti liwavomereze kuti ndi ake?

Nachisale: A Mlongoti, ine ndikuona kuti zinthu ziwirizi sizilekanitsika. Pangano la Greentree, lomwe a Obasanjo, mtsogoleri wa Nigeria pa nthawiyo, ndi a Biya, mtsogoleri wa Cameroon, anasaina mu 2006 pamaso pa a Kofi Annan, amene anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, linalonjeza kuti anthuwo sadzakakamizidwa kusamuka kapena kusintha unzika wawo. Koma dera litaperekedwa m'manja mwa Cameroon mu 2008, ndipo nthawi ya kusintha kwa ulamuliro itatha mu 2013, wosafuna unzika wa Cameroon anasanduka mlendo wofunika chilolezo chokhalira pagombe lomwe agogo ake ankayanikapo makoka. Mnyamata wobadwira m'mudzi wa asodzi, amene kubadwa kwake sikunalembedwe m'kaundula wa boma lililonse, amavutika kulembetsa mayeso, kupeza chitupa kapena kulembedwa ntchito. Akamakwera bwato kupita ku Calabar, chimene akutsatira choyamba ndi pepala lotsimikizira kuti iye ndani.

Mphunzitsi Wopuma: Ndikugwirizana nanu Mayi Nachisale, koma ndikuwonjezera kuti ulendowo sumaliza vuto. Amene anasamukira ku Ikang ndi ku Akpabuyo, m'chigawo cha Cross River ku Nigeria, akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti sanapatsidwe malo okhazikika oyenera asodzi. Mwana wa msodzi akaikidwa kumtunda, kutali ndi madzi omwe amawadziwa, amataya ntchito komanso ulemu umene unkabwera ndi ntchitoyo. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti ku Cameroon amatchedwa Mnaijeriya, pomwe ku Nigeria amatchedwa wothawa kwawo, ndipo mayina onse awiriwo amamukumbutsa kuti ndi wobwera.

Mlongoti: Zikomo Aphunzitsi. Nanga amene anatsala ndi kulandira unzika wa Cameroon, tinganene kuti anasankha bwino?

Nachisale: Sindingawaweruze, chifukwa kusiya manda a makolo si chinthu chapafupi. Komabe Bakassi ili m'chigawo cha South West, chimodzi mwa zigawo ziwiri zolankhula Chingerezi zomwe zakhala pa mkangano ndi boma la Cameroon la ku Yaoundé kuyambira mu 2016, mkangano umene unakula n'kukhala nkhondo. Choncho wachinyamata amene anavomera kukhala Mkameruni anapezanso funso lina likumudikira, loti ndi Mkameruni wa mbali iti, ndipo kwa ena limeneli ndi limene linawanyamutsa.