Ndili ndi Credit, kodi sikolashipu ya masters ndingaipeze?

Wofunsa (wabisa dzina):

Abale anga, ndabisa dzina chifukwa abwana anga sakudziwa kuti ndikuganiza zobwerera kusukulu. Ndithandizeni inu amene munadutsamo kale.

Ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Chelstone mu Lusaka ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 5. Digiri yanga ndi ya zaulimi, ndinaitenga zaka 4 zapitazo, ndipo inatuluka Credit, giredi yotsikirapo kuposa Merit ndi Distinction. Ndimagwira ntchito m'kabungwe kakang'ono kothandiza alimi a mtedza cha ku Chongwe ndi ku Rufunsa. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chuku. Amayi amakumba mtedza, amauunjika usanaume bwino, ndipo pofuna kuswa ena amauwaza madzi kuti makoko afewe. Ukatsegula thumba patapita miyezi iwiri umapeza njere zamakwinya, zina zobiriwira mkati, zowawa ukaluma. Ogula akaukana mtedza umenewo sutayidwa ayi, umasinjidwa n'kulowa m'phala la ana. Poizoni wake, aflatoxin, amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike bwanji. Ine ndimangotha kuwauza kuti aumitse ndi kusankha. Kuyeza, kuwerengera, kupanga njira yoti mudzi wonse uigwire, pamenepo nzeru zanga zimapelewera. Ndiye ndikufuna masters ya kasungidwe ka zokolola ndi chitetezo cha zakudya, koma malipiro anga sangakwane ngakhale temu imodzi.

Funso lalikulu ndi la Credit imeneyi. Aliyense amene ndamufunsa amati ma sikolashipu ndi a anthu a Merit ndi Distinction basi. Kodi ndi zoona, kapena pali khomo lina? Komanso chaka changa choyamba pantchito ndinali wongodzipereka, ankangondipatsa ya basi. Chimawerengedwa?

China, pali bambo wina ali ndi kaofesi m'tauni akuti ndimupatse K3,500 andilembere zonse, ndipo akuti ali ndi anthu ake mkati. Mnzanga wina akundikakamiza kuti tipite limodzi Lolemba.

Mlongo wa ku Kabwata:

Amayi, Lolemba musapiteko. Ma sikolashipu a Chevening ndi Commonwealth a ku UK, DAAD ya ku Germany, Beit Trust, onsewa fomu yawo ndi yaulere ndipo mumalemba nokha pa intaneti. Ngakhale ma sikolashipu amene maiko ena amapereka kudzera m'boma lathu, a HELSB, bungwe la boma loona za ngongole ndi ma sikolashipu a ophunzira, amawalengeza poyera kuti aliyense aone. Ndalama imeneyo isungeni, idzafunika pa pasipoti, pa transcript ndi pa mayeso a Chingerezi a IELTS ngati yunivesite itawafuna.

Wobwera ku UK chaka chatha:

Alongo anga, ine ndinapita ndi Chevening, ndiye ndiyankha zimene ndikudziwa. Za chaka chongodzipereka musade nkhawa. Iwo amafuna maola 2,800 a ntchito, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo ntchito yongodzipereka kapena ya maola ochepa amaiwerenga. Inu mwadutsa kale pamenepo.

Za Credit mvetsani bwino, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Pali a sikolashipu, pali a yunivesite. A Chevening amayang'ana kwambiri munthuyo: watsogolera chiyani, amagwirizana bwanji ndi anthu, bwanji akufuna kosi imeneyi, akabwerako adzachita chiyani. Koma kuti ndalama ituluke muyenera kukhala ndi malo otsimikizika pa imodzi mwa makosi atatu amene mwasankha, ndipo amene amapereka malo ndi yunivesite. Mayunivesite ambiri kumeneko amafuna giredi imene amaitcha 2:1, yachiwiri kuchokera pamwamba, koma alipo ena amene amalandira yotsikirapo ngati munthu ali ndi zaka pantchito yogwirizana ndi kosiyo. Choncho musanalembe chilichonse, tsegulani tsamba la kosi iliyonse muone zimene akufuna kwa munthu wa digiri ya ku Zambia. Pamene sizikumveka lemberani ofesi yolandira ophunzira, tumizani transcript, afunseni mosazungulira. Yambani ndi Natural Resources Institute ya ku University of Greenwich, nkhani ya zokolola zoonongeka m'nkhokwe ndi imene amadziwika nayo.

Ndipo ndikuuzeni chinthu. Zimene mwalemba pamwambapa za mtedza wowazidwa madzi ndi phala la ana, imeneyo ndiye nkhani yanu. Ambiri amalemba kuti akufuna kutukula dziko, ndipo owerenga aja amaziona mazanamazana. Inu tchulani mudzi, nenani chimene munasintha, alimi angati anayamba kuumitsa mosiyana, ndani anakukanirani ndipo munamugonjetsa bwanji. Bambo wa K3,500 uja zimenezi sangazilembe chifukwa sanafikepo ku Rufunsa, ndipo pa intavyu adzakufunsani inuyo, osati iye. Fomu imatsegulidwa mu August. Mukamaliza sukulu mumayenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri.

Mphunzitsi wa ku Matero:

Ine ndisiyana pang'ono ndi amene ayankha pamwambawa. Zonse anena ndi zoona, koma bwanji aliyense maso ali ku UK? Amayi, chuku chimene mukulimbana nacho chili kuno, ndipo ofufuza amene amachidziwa ali ku Bunda ku LUANAR, ku Sokoine ku Morogoro, ku Makerere, ku Pretoria, ngakhale pa UNZA pomwepa pa Great East Road. Masters yofufuza nthawi zambiri ndalama yake imabwera kudzera mwa mphunzitsi amene ali ndi pulojekiti, ndipo iye amafuna munthu amene alimi amamudziwa kale, woti akafika pamudzi anthu amutsegulira matumba. Pamenepo Credit yanu sidzamuopsa kwenikweni. Muziyang'ana zolengeza za RUFORUM, bungwe la mayunivesite a zaulimi lomwe likulu lake lili ku Kampala. A DAAD alinso ndi ndondomeko yolipirira anthu kuphunzira m'mayunivesite a mu Africa momwemuno. Mastercard Foundation imalipirira ophunzira ku Pretoria ndi ku Cape Town. Beit Trust ndi yathu ndithu, ya Zambia, Zimbabwe ndi Malawi, ndipo imatumizanso anthu ku South Africa, ngakhale iwo pa magiredi amayang'anitsitsa. Mandela Rhodes musatayirepo nthawi, malire ake ndi zaka 29.

Wobwera ku UK chaka chatha:

Aphunzitsi mwanena zoona, sindikutsutsa. Ndingowonjezera kuti alembe uku ndi uku, pakuti palibe amene amaletsa.

Bambo wa ku Chilenje:

Za Germany ndiyankhe ine. Pali ndondomeko ya DAAD yotchedwa EPOS, ya makosi okhudza chitukuko, ambiri ophunzitsidwa m'Chingerezi. Amafuna zaka ziwiri pantchito mutatha digiri, ndipo digiriyo isapitirire zaka 6. Yanu ili ndi zaka 4, ndiye nthawi ilipo koma si yambiri. Fomu imapita ku yunivesite imene ili ndi kosiyo, ndipo kosi iliyonse ili ndi tsiku lake lotsekera, choncho lembani masikuwo pakhoma.

Koma mayi, pali chimene mwanena poyamba chomwe chandidetsa nkhawa. Mukuti abwana sakudziwa. Ma sikolashipu ambiri amafuna kalata yochokera kuntchito, yosainidwa, ina yodindidwa ndithu. Simungaizembe. Ndipo kalata yopemphedwa kutatsala masiku awiri imatuluka ya mizere itatu, yoti ndi wolimbikira ndiponso waulemu, basi. Auzeni msanga. Chimodzimodzi aphunzitsi anu akale: pitani nokha mukaonekere, mutenge CV ndi tsamba limodzi lofotokoza zimene mwakhala mukuchita, chifukwa anthu amene adutsa m'manja mwawo ndi ambiri ndipo sangakumbukire aliyense.

Amake mapasa:

Palibe amene wakhudza za mwana. Mnzanga, ndalama ya pamwezi ya ma sikolashipu ambiri anaiwerengera munthu mmodzi. Ine ndinasiya anga kwa amayi ku Katete chaka chonse, ndipo chinali chaka cholemera, kwa ine ndi kwa iwo. Ndinapirira chifukwa inali masters ya chaka chimodzi. Za ku Germany zambiri zimatenga zaka ziwiri kapena kuyandikira pamenepo. Khalani pansi ndi abale anu panopa, musadikire kalata yoti mwapambana. Ngati palibe munthu amene mtima wanu ungakhazikike naye, tsatirani zimene anena aphunzitsi a ku Matero. Kuchokera ku Lilongwe mumakwera basi m'mawa, usiku mwafika pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka.

Wofunsa:

Zikomo nonse, mwandimasula. Mnzanga uja ndamuimbira kuti Lolemba sindipita, ndipo ndamutumizira zimene mwalembazi kuti nayenso aganize bwino. Usiku uno ndiyamba kulembera mayunivesite za Credit. Za mwana, achemwali anga ku Kaunda Square angamusunge chaka chimodzi, ziwiri ndiye ayi, choncho Germany ndiyamba ndaisiya pambali.

Chatsala ndi abwana. Kabungwe kathu kali ndi anthu ochepa, ndipo kontrakiti yanga imasainidwa chaka ndi chaka. Ndikuopa kuti ndikawauza adzayamba kufuna wina, ine sikolashipu osaipeza. Ndiyambe bwanji?

Bambo wa ku Chilenje:

Musayambe ndi mawu oti mukuchoka. Yambani ndi chuku. Auzeni kuti mukufuna kukaphunzira kuyeza ndi kuteteza mtedza wa alimi omwewa, kuti kafukufuku wanu mukufuna mudzamuchitire m'midzi ya bungwe lawo, ndiponso kuti ngakhale zitatheka, kunyamuka ndi chaka chamawa mu September, ndiye nyengo yokolola ikubwerayi muli nawo. Kenako apempheni kalatayo. Ngati kontrakiti yanu ikusainidwanso posachedwa, dikirani isainidwe kaye, koma musapitirire July.