Boma kapena kampani: kuno ku Lusaka malipiro akukwera kuti?

Ba admin bisani dzina chonde. Ine ndimagwira za akaunti pa kampani ina ku Heavy Industrial, manje zatuluka zakuti ndingalowe m'boma koma malo ake ni ku Rufunsa. Salale ya poyambira ili pansi pang'ono pa imene ndikulandira pano. Chimene chikundizunguza mutu ni kakwelidwe kake. Akulu anga ni aphunzitsi, iwo chaka chilichonse kanthu kamabwera, 12% mu 2022, 10.5% mu 2023, K550 mu 2024, kenako K500 mu 2025, pomwe ife bwana akangoti malodi shedi atipha majenereta adya phindu lonse basi nkhani yatha, mumwe madzi. Nanga amene mwagwirako mbali zonse ziwiri, nditani?

Amake Taonga: Mwana wanga usapusitsidwe na mapesenti. K500 ija ni yofanana kwa aliyense, kwa wa ofesi ya pansi imaoneka, koma kwa wa digiri ni kadontho chabe, ndipo PAYE, msonkho wa pa salale, imadulakonso chifukwa zonse zopitilira K5,100 zili na msonkho. Mitengo mu 2024 inakwera kupyola 15%, ndiye uwerenge wekha ngati akulu ako anakwezedwadi kapena anangochepetsedwa ululu.

Bambo wa ku Matero: Ku private salale siikwera ukakhala phee, imakwera ukasamuka kampani. Ine anzanga amene analumphira ku mabanki na ku ma NGO anatisiya kutali, koma amene ali m'mashopu amadikira boma lisinthe minimum wage ngati zija za Januwale 2024, apo ayi palibe. Funso langa, uli pa kontrakiti? Ngati inde usaiwale gratuity ya 25%, ndalama yapadera imene amakupatsa kontrakiti ikatha, anthu ambiri poyerekeza saiikamo.

Amake Taonga: Zoona, koma kontrakiti imathanso osaikonzanso abambo. M'boma peyi silipi yokha ni chikole, mabanki amakuthamangira okha, ngakhale kuti ndiye msampha wake umenewo, ena kumapeto kwa mwezi amatsala na ya kaunjika basi nkongole zitadya zonse.

Mwini funso: Ndili pa kontrakiti ya zaka ziwiri. Nanga ku Rufunsa rural hardship, alawansi ija ya ogwira nchito kumidzi, ilipo kwa onse kapena zimatengera mtunda kuchoka pa boma? Alipo wogwira kumeneko andiuzeko za renti na mayendedwe a mu Great East Road, chifukwa ana ndikuwasiya ku Chelstone.