"Mutu ukakula sulewa nkhonya": kodi mwambiwu ukukwana pa mafumu onse a Gomani?

Wa ku Kampepuza:
Akuluakulu ndithandizeni. Mwambi woti "mutu ukakula sulewa nkhonya" ine ndimaudziwa ngati mawu olimbitsa mwana wachisamba, uja aliyense amamuthamangira kukagwa maliro kapena fizi ikasowa. Koma pa Umhlangano, mwambo wa Angoni a Maseko, ku Nkolimbo ndinamva mkulu wina akuunena pa mafumu a Gomani, ndiye mutu wanga sukugwira.

Pa Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, palibe mtsutso. Asilikali a Angerezi anamugwira mu 1896 n'kumuwombera cha ku Dombole, ndipo akale amati anakana kuyenda ali womangidwa. Ameneyo sanalewe. Nanga mwana wake, Philip Gomani II, uja nkhope yake ili pa K50? Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma a zaulimi. Boma linamuchotsa pampando, ndipo apolisi atafika ku Lizulu kudzamutenga, iye anaolokera ku Mozambique limodzi ndi mwana wake Willard ndi m'busa Michael Scott. Sindikunyoza ayi, koma kumeneko si kulewa?

Gogo wa ku Lizulu:
Mwanawe, mwambiwu suletsa mkulu kuzinda. Ukunena kuti ngakhale azinde, nkhonya imupezabe chifukwa mutuwo uli poonekera. Apwitikizi anamubweza Gomani II m'manja mwa Angerezi, Scott anapirikitsidwa m'dziko muno, ndipo Inkosiyo, yomwe inali yodwala kale, inakamwalirira ku chipatala cha Malamulo mu 1954 osabwereranso pampando. Alimi okana kupanga mizere analipo ambirimbiri, ena ankangolipira chindapusa n'kubwerera kwawo. Koma amene boma linamutumizira apolisi pakhomo anali mmodzi, Inkosiyo. Akanafuna kulewa zenizeni akanangokhala chete ngati mafumu ena, n'kumalandira malipiro ake.

NaNgozo:
Agogo mwalasa. Koma ine pa Gomani V ndi pamene mwambiwu umandivuta. Bambo ake, Kanjedza Gomani IV, atamwalira mu 2009, iye anali mwana wa sukulu. Azakhali ake a Rosemary Malinki ndi amene anagwirizira mpando mpaka anavekedwa ufumu mu 2012. Mutu wa mnyamatayo unali usanakule, chomwe chinali chachikulu ndi dzina. Milandu ya malire, mikangano ya maufumu, andale ofuna kujambulitsa naye, zonse zinkamudikira asanamalize n'komwe sukulu. Ndiye ine ndimati mutu wa m'mwambiwu nthawi zina umakhala dzina lomwe walipeza.

Komanso tisanamizane, kumudzi mwambi umenewu amaukonda ndi anthu ofuna kukusenzetsa katundu wawo. Ukangomva "achimwene, mutu ukakula…" dziwa kuti akufuna ya feteleza.

Mphunzitsi wopuma wa ku Bembeke:
Mayi NaNgozo, pa dzinapo ndikutsutsaniko pang'ono. Odziwika ndi dzina la Gomani alipo ambiri kuno, ena ndi alimi a mbatatesi, ndipo palibe amawapititsira milandu. Chimakuza mutu ndi udindo. Mu zaka zitatu zija nkhonya zinkagwera a Malinki, pomwe mwini dzina anali m'kalasi.

Wa ku Kampepuza:
Zikomo nonse, za Gomani II zandimvekera tsopano. Funso lina laling'ono: kodi ine munthu wamba ndingaunene mwambiwu pamaso pa Inkosi, mwina poipepesa ikakumana ndi zovuta?

Gogo wa ku Lizulu:
Usayerekeze. Umenewu amanena wamkulu kwa wamng'ono, kapena nduna zokhazokha zikakhala paseri. Iwe ukafika pabwalo vula chipewa, unjuta, nena "Bayethe", nkhani yako upereke kwa nduna.